Ayambe kudya ndani, mwana kapena galimoto?

Kale nkhani inali yosavuta. Munthu ankadya za m'munda, galimoto inkamwa za pansi pa nthaka, ndipo awiriwa sankakumana pamsika. Lero akumana, akulimbirana botolo limodzi. Funso langa sabata ino ndi ili: kodi n'chilungamo kuthira m'thanki mafuta omwe mayi akanathira m'poto?

Mafuta otchedwa biodiesel si matsenga ayi. Amatenga mafuta a soya, a kanjedza kapena a mpendadzuwa n'kuwasakaniza ndi mankhwala otchedwa methanol, basi dizilo watuluka. Nzeru yoyendetsa injini ndi mbewu si ya lero. M'chaka cha 1900, pa chionetsero cha ku Paris, injini ya mtundu womwe anatulukira Rudolf Diesel inayenda ndi mafuta a mtedza.

Koma tamvani masamu ake. Pa K100 iliyonse yomwe fakitale imawononga popanga biodiesel, K70 kapena kuposerapo imathera pogula mafuta a mbewuwo. Mbewu ikangokwera mtengo, biodiesel amadula kuposa dizilo wamba, ndipo mwini fakitale amayenera kutseka zitseko. Nanga bwanji satseka? Chifukwa maboma ambiri anaika lamulo loti dizilo aliyense azisakanizidwa ndi mafuta a mbewu, ena n'kumaonjezerapo ndalama zothandizira mafakitalewo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, anzanga. Mafuta ophikira akadula, mayi wa ku Ndirande amachepetsa supuni, wamandasi amachepetsa mandasi. Koma thanki sichepetsa, poti lamulo laikakamiza kumwa. Wogula wina amanenerera, wina sanenerera. Mukuganiza kuti apambana ndani?

Taonani za ku Indonesia, dziko lopanga mafuta a kanjedza ambiri kuposa lina lililonse. M'chaka cha 2020 analamula kuti pa malita 100 a dizilo, 30 akhale a kanjedza. Mu 2023 anakweza kufika pa 35, mu 2025 pa 40. M'dziko lomwelo, mu 2022, amayi ankaima pamizere kufuna mafuta ophikira, mpaka boma linaletsa kugulitsa mafutawo kunja kwa milungu itatu. Sindikunena kuti biodiesel yekha ndiye anachititsa. Nkhondo ya ku Ukraine inali itatsekereza mafuta a mpendadzuwa chaka chomwecho. Koma pa nthawi ya kusowa, pakamwa paliponse poonjezera pamamveka, ndipo ife amene timagula mafuta ena kunja tinamva kuwawa kwake m'magolosale mwathu momwemuno.

Wina andifunsa: "Nanga mlimi wa soya ku Mchinji, iwe wam'tauni sukumufunira zabwino? Kukwera kwa mtengo si ndiye kupuma kwake?" Funsoli ndi lolemera ndithu. Mlimi wakhala akuberedwa pa sikelo zaka zambirimbiri, ndipo wogula watsopano akhoza kumuwombola. Komanso dizilo si wa mabwana okha. Ambulansi imayendera dizilo, chigayo cha kumudzi chimalira dizilo, lole yobweretsa chimanga m'tauni imamwa dizilo. Dziko lomwe limagona pamizere ya mafuta chifukwa chosowa ndalama zakunja silingaseke nzeru yodzilimira mafuta ake. N'chifukwa chake sindigwirizana kwathunthu ndi Jean Ziegler, yemwe mu 2007, ali nthumwi ya United Nations pa za ufulu wa chakudya, anatcha kusandutsa chakudya kukhala mafuta mlandu wolakwira mtundu wa anthu. Anakhudza choonadi, koma anaiwala mlimi.

Ena anati yankho ndi nsatsimanga, jatropha uja, poti sadyedwa ndipo amamera ngakhale pa nthaka yoguga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kumera amameradi, koma kuti abereke zokwanira amafuna nthaka yabwino, madzi ndi manja olimira, zomwezo zimene chimanga chimafuna. Kampani ya Sun Biofuels inatenga mahekitala pafupifupi 8,000 ku Kisarawe m'dziko la Tanzania, n'kugwa mu 2011. Eni chuma anapakira zikwama, anthu a m'midzi anatsala opanda ntchito, malo ali m'manja mwa ena. Mbewu ingakhale yosadyedwa, koma munda womwe yakhalapo ndi wa chakudya.

Ine ndikuona kuti tchimo silili m'mafutamo, lili pa dongosolo la kudya kwake. Pakhomo pathu ana amayamba adya, zotsala n'kupita kwa ziweto. Chitsanzo tili nacho kale. Kuyambira 1982, ku Dwangwa amapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe shuga atachotsedwa, n'kumusakaniza ndi petulo. Mafuta ogwira kale ntchito a m'mahotela ndi pa ziwaya za tchipisi nawo amatheka kusandutsidwa biodiesel popanda kulanda mwana ndiwo.

Tsono ngati tsiku lina aphungu athu adzakambe za lamulo losakaniza dizilo ndi mafuta a mbewu, tidzawafunse zinthu ziwiri. Kodi lamulolo lidzayamba laima chaka cha njala? Nanga kampani ikagwa, adzalipire mlimi ndani? Akadzalephera kuyankha, tidzawauze kuti galimoto ikhoza kugona pagalaja mlungu wathunthu n'kudzalira bwinobwino Lolemba. Mwana sangatero.