Mlandu wa Namondwe Ngwa Yani?

Mzinda wa Blantyre uli kutali ndi nyanja ya mchere, komabe matope ndi miyala zimene zinagumuka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023 zinali ndi gwero lake m'nyanja ya India, kumene namondwe Freddy anayambira kufupi ndi Australia nakhala masiku 36 asanazilale. Namondwe amapeza mphamvu m'madzi ofunda a pamwamba pa nyanja, ndipo nyanjazo zamwa pafupifupi 90 peresenti ya kutentha kobwera ndi utsi wa malasha ndi mafuta. Kusintha kwa nyanja kukuonekanso kwina: mu 2019 akatswiri Ian Young ndi Agustinus Ribal anasonyeza kuti pakati pa 1985 ndi 2018 mafunde aakulu kwambiri a m'nyanja yozungulira Antarctica anatalika ndi masentimita pafupifupi 30, chifukwa mphepo za kumeneko zakula mphamvu.

M'masiwa a ku Ndirande ndi Bangwe anthu amati zonse ndi chifuniro cha Mulungu, pomwe akuluakulu ena amatchula Napolo, njoka yokhala pansi pa mapiri imene ikamasamuka imagumula nthaka. Mawuwa sayenera kunyozedwa, pakuti amapatsa wofedwa poyambira kulira, koma amapweteka akasanduka chiweruzo chakuti ofawo analangidwa. Pa Luka 13 Yesu mwini anakana kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo, ndipo mayi amene anamanga nyumba ya zidina pamtsetse, poti lendi kumunsi inamukanika, ndiye wosayenera konse kusenzetsedwa tchimo.

Vuto lagona pa mlandu. Pa chikhalidwe chathu mlandu umafuna bwalo, pomwe wolakwa ndi wolakwiridwa amaonana maso ndi maso mfumu isanagamule chipepeso, koma amene anatentha malasha ku Ulaya ndi ku America kwa zaka zoposa 150 sanamuonepo mwana wa ku Chilobwe, ndipo ambiri a iwo anamwalira kalekale. Odula mitengo m'phiri la Ndirande ali ndi gawo lawo, lochepa koma looneka, n'chifukwa chake chala chimathamangira kwa iwo. Thumba lolipirira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo limene mayiko anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022 likuyesa kumanga bwalo lotere, ngakhale mayiko olemera amapereka ndalamazo monga thandizo ndipo amakana kuzitcha chipepeso.