Kadzidzi Akalira pa Denga, Wolakwa Ndani?

Kadzidzi akalira pa denga m'midzi ya ku Mwami, kukacha anthu amagawanika. Achikulire amati ndi malodza, maliro ali pafupi. Achinyamata amati zimenezo n'zachikale. Ine ndikuikira kumbuyo kadzidzi, koma sindikunena kuti makolo anali mbuli.

Achikulirewo ali ndi mfundo yolemera. "Mwana iwe, ukuti mbalame sizinena kanthu? Nanga nsadzu sitsogolera munthu ku njuchi?" Pamenepo alasa. Mu 2016 wofufuza Claire Spottiswoode ndi anzake anaonetsa kuti ku Niassa, Ayao ofula uchi akaitana mbalameyi mwa kaitanidwe kawo, mwayi wopeza njuchi umakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa 100 alionse. Komatu nsadzu imagwidwa bodza tsiku lomwelo: mumtengomo uchi ulimo kapena mulibe. Kadzidzi anamuwerengera ndani? Akalira anthu n'kudzuka bwinobwino, palibe amasunga tsikulo. Akalira wina n'kumwalira patapita mwezi, nkhani imafika kwa zidzukulu. Chonsecho chomwe wadzera ndi makoswe amene akuboola chimanga m'nkhokwe.

"Si ife tokha," amatero ena, "ngakhale ku India amadziwa zimenezi." Zoonadi, buku la Brihat Samhita, limene Varahamihira analemba m'zaka za m'ma 500, limafotokoza zimene kulira kwa akhwangwala ndi nkhandwe kumalosera. Koma mboni imeneyi ikuwatembenukira oiitanawo. Kumeneko kadzidzi, ngakhale ena amamuopa, ndiye amanyamula Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma. Mbalame imodzi singalengeze chuma ku Kolkata ndi maliro ku Chipata. Mawuwo timaiika m'kamwa ndife. Ndipo ulemuwo sunamupulumutse: lipoti la bungwe la TRAFFIC la mu 2010 linaonetsa kuti akadzidzi amagwidwa n'kuphedwa pa zizimba, makamaka nyengo ya chikondwerero cha Diwali.

Otsala amati, "Asiyeni anthu akhulupirire, zikupweteka ndani?" Apa ndiye sindigonja. Kadzidzi akagendedwa, funso lotsatira limakhala lakuti wamutuma ndani, ndipo chala sichiloza munthu wa galimoto. Chimaloza gogo wamasiye wa kumapeto kwa mudzi, ngakhale lamulo la Witchcraft Act, limene lilipo kuyambira 1914, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Pamene abale akulimbana ndi gogoyo, mwana wotentha thupi amagona pamphasa tsiku lina, chipatala cha Mwami chili pafupi pomwepo.