Kodi Munthu ndi Mwini Nthaka Kapena Wongosungitsidwa?

Funso lakuti munthu ndi mwini nthaka kapena anangosungitsidwa lili pa phata pa ulimi wosagugitsa nthaka, womwe ndi ulimi wopeza chakudya lero popanda kulanda chonde cha mibadwo yam'tsogolo. Buku la Levitiko, mutu 25, limalamula kuti munda uzipumula chaka chachisanu ndi chiwiri chilichonse, pakuti dziko ndi la Mulungu ndipo anthu ndi alendo chabe. Nayenso Papa Francis, m'kalata ya Laudato Si' ya mu 2015, anadzudzula khalidwe logwiritsa ntchito zinthu n'kungozitaya.

Chiphunzitsochi chimaonekera bwino m'chuma chozungulira, kutanthauza dongosolo limene zotsala za ntchito ina zimakhala poyambira ntchito inzake. Mlimi wa ku Zomba amene amadyetsa chambo cha m'dziwe lake madeya a chimanga, natapa matope achonde a pansi pa dziwelo kukathira m'dimba, kenako n'kupatsa mbuzi masamba otsala kuti ndowe zake zibwerere kumunda, amavomereza mwa zochita zake kuti m'chilengedwe mulibe zinyalala.

N'chifukwa chake kutentha mapesi posaka mbewa m'chilimwe ndi mlandu wa chikumbumtima, popeza wotenthayo amawononga chonde chimene anayenera kusiyira ana amene sanabadwe.