Kodi Olekana Akakumananso Amayambira Pamene Adasiyira?

Makolo athu adatisiyira mawu akuti chibale ndi fupa, sichiola. Mawu amenewa ngoona ndithu, ndipo palibe wanzeru amene angawatsutse. Koma lero ndifuna kuti tiwayese pa kanyama kakang'ono ka kutali ndi kwathu kuno, kuti tione ngati fupa losaolalo lili lokwanira kugonetsa abale awiri m'nyumba imodzi atatha masiku ambiri osaonana.

Kanyamako Azungu amakatcha hamster. Kamafanana ndi mbewa, koma mchira wake ngwaufupi kwambiri, ndipo m'masaya mwake muli timatumba tonyamulira chakudya monga achitira bwampini. Mitundu yake njambiri. Mtundu wokulirapo, umene udagwidwa pafupi ndi mzinda wa Aleppo ku Syria m'chaka cha 1930 n'kuyamba kuwetedwa, sulola mnzake konse: kanyama kalikonse kakakula kamakhala kokha. Koma ilipo mitundu ina itatu, ing'onoing'ono, yochokera ku zipululu ndi zigwa zouma za ku Mongolia, Siberia, Kazakhstan ndi kumpoto kwa China. Woyamba, umene Pallas adaulemba m'mabuku a akatswiri m'chaka cha 1773, ubweya wake umayera m'nyengo yachisanu. Wachiwiri udapatsidwa dzina la Campbell m'chaka cha 1905. Wachitatu, wa Roborovski, ndiwo wochepetsetsa, pakuti kutalika kwake ndi masentimita ngati 5 basi. Moyo wa tinyamati ngwaufupi, zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo anthu a ku Ulaya, ku America ndi ku Japan amatiweta m'nyumba monga ife tiwetera nkhunda.

Mitundu itatu imeneyi nthawi zina imalola kukhalira pamodzi, makamaka tikakhala ta bere limodzi, tokulira m'chisa chimodzi. Ndiponso tisaganize kuti n'tinyama topanda chisamaliro. Akatswiri adaona kuti kamphongo ka mtundu wa Campbell kamathandiza kakazi pobereka: kamakoka ana ndi mano ndi timanja take, n'kuwanyambita mphuno kuti ayambe kupuma.

Tsono tiyerekeze kuti munthu wina akuweta tiwiri ta bere limodzi. Kamodzi kadwala, ndipo mwini wake akapatula, nakaika m'khola lina kuti achite kukasamala. Patapita milungu itatu kachira. Mwini uja, mtima uli mbee, akabwezera kwa mbale wake madzulo, napita kukagona akuganiza za chimwemwe cha abale okumananso. Koma tinyamati timayenda usiku, ndipo ndewu yake imachitikanso usiku. Kutacha apeza kamodzi khutu litang'ambika, kumsana kuli mabala. Mwina apeza katafa. Nanga chalakwika n'chiyani? Kodi si abale omwe aja adagona mogundana chibadwire?

Yankho lake lili m'mphuno. Maso a kanyamaka saona patali, kotero kamazindikira dziko ndi fungo. Pamimba pake pali kachiwalo kotulutsa mafuta onunkhira, ndipo kamapaka mafutawo pa zinthu zake, pamodzi ndi mkodzo, ngati mlimi wozika zikhomo m'malire a munda. Tiwiri togona m'chisa chimodzi timanunkha chisa chomwecho. Tikalekana, fungo la onse lija limazilala. Kotsala kaja kamapaka fungo lake pa khola lonse, pa gudumu lothamangiramo, pa mbale ya chakudya, mpaka zonse zisanduka zake. Kobwerako kafika ndi fungo la khola lina, la mankhwala, la manja a munthu. Kwa kotsala kaja, amene walowayu si mbale, koma wolanda malo. Kuchipululu kwawo ndewu yotere siipita patali, chifukwa kogonja kamathawa. M'khola mulibe kothawira. Choncho nkhanza imene mwiniyo waiona m'mawa siidachokere mu mtima wa kanyama ayi. Idachokera ku zipupa zimene iye mwini adamanga, ndi ku changu chake.

Oweta odziwa ntchito sachita motero. Amatsuka khola lonse ndi kuthiramo utuchi watsopano, kuti pasakhale mwini malo. Kenaka amaligawa pakati ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono, kuti tinyamato tizinunkhizana koma tisalumane. Tsiku ndi tsiku amatisinthanitsa mbali, kuti kalikonse kagone pa fungo la kanzake, ndipo amatero sabata yathunthu kapena kupitirira. Pochotsa waya uja amaika zonse ziwiriziwiri: magudumu awiri, mabotolo a madzi awiri, tinyumba tiwiri, chakudya amachimwaza ponseponse kuti pasapezeke wotsekereza mbale. Kanyumba kalikonse kamakhala ndi makomo awiri, monga una wa mbewa sulephera kukhala ndi mbuli. Ndipo mwini amakhala tcheru, akuyang'anira. Kulira pang'ono ndi kuthamangitsana amakulekerera. Koma magazi akangooneka, nkhani yatha: amatilekanitsa, osadzatiphatikizanso. Ngakhale atachita zonsezi mosamala, kawirikawiri zimakanika, n'chifukwa chake oweta ambiri masiku ano amalangiza kuti kalikonse kakhale ndi khola lakelake.

Apa ndipo pagona funso loyamba la chikumbumtima. Pamene mwini aumirira kuti tinyama take tikhalenso pamodzi, kodi akufunira zabwino yani? Iye amati, "Kali kokha, kakusungulumwa." Koma taonani kokhako: kakudya bwino, kakuthamanga pa gudumu, kakugona tulo. Wosungulumwa ndi mwiniyo, amene maso ake adazolowera kuona tiwiri togundana. Chifundo chimene chimafuna kudzikondweretsa chokha, osafunsa za amene chikumchitira, n'chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Amene watsekera cholengedwa m'khola wachilanda mphamvu yothawa. Motero bala lililonse lochitika m'kholamo mlandu wake ngwa iyeyo.

Funso lachiwiri likhudza ife anthu. Tonse timamdziwa mtchona, munthu amene adapita kukagwira ntchito kutali natha zaka zambiri osabwera. Tsiku lina atulukira, katundu ali pamutu, akuyembekeza kupeza mpando wake pamene adausiya, poti madzi saiwala khwawa. Koma khwawa lija lidasintha. Mayi wa pakhomo adaphunzira kulamula yekha za munda ndi za ndalama. Mwana amene adamsiya ali kumsana tsopano ndi mnyamata wa maganizo ake. Mng'ono wake ndiye akulima dimba lija. Palibe adachita choipa. Malo opanda munthu sakhala opanda ntchito. Mtchona akayamba kulamula tsiku lomwelo, a pakhomo amamuona ngati wolanda, iyenso amawaona ngati oukira, ndipo chikondwerero cha sabata yoyamba chimathera m'mapokoso. Zomwezi zimaoneka pa wotuluka m'ndende, pa wophunzira wobwera kuchokera kunja, ndi pa banja limene lidapatukana ndipo ankhoswe akufuna kulilumikizanso.

Wina adzanditsutsa kuti, "Munthu si nyama. Bwanji mukutiyerekeza ndi mbewa ya ku Mongolia?" Wanena zoona, ndipo kusiyana kwakeko ndiko kukulitsa udindo wathu. Kanyama sikasunga mangawa, komanso sikatha kukhululuka; kamangotsata mphuno. Munthu ali ndi chikumbukiro, ali ndi mawu, ali ndi ufulu wosankha. Zimene woweta amachitira tinyama ndi waya, munthu angathe kuzichita yekha ndi ulemu. Wobwera angathe kuima pabwalo n'kunena kuti "Odi!" ngakhale nyumbayo adamanga ndi manja ake, angathe kuyamba wafunsa mmene zinthu zikuyendera asanayambe kuzikonza. Wotsala angathe kumpatsa malo ndi ntchito, osamusunga ngati mlendo mpaka kalekale. Onse awiri angathe kuvomera kuti amene ali patsogolo pawo si yemwe uja adatsanzikana naye, ndipo kuti ayenera kudziwananso mwatsopano. Kanyama kakalephera zimenezi sikachimwa. Ife tikalephera, pamene tili nazo mphamvu zake, tilibe podzikanira.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchisiyanitsa bwino, makamaka ife amene timaitanidwa kukayanjanitsa anzathu. Kukhululuka ndi kwina, kugona pansi pa denga limodzi ndi kwinanso. Munthu angathe kukhululuka lero ndi mtima wonse. Koma kukhulupirirana kumamera pang'onopang'ono ngati mtengo, ndipo sikumera chifukwa choti akulu alamula. Nthawi zambiri oyanjanitsa amafulumira chifukwa mlandu wawatopetsa, kapena chifukwa akuopa manyazi pamudzi. Agwiranitsa anthu chanza, nawakankhira m'nyumba, natseka chitseko, iwo n'kupita kukagona ngati mwini tinyama uja. Ndipo pamene padaoneka kale magazi, pamene mayi adathawa chibakera nabwerera kwawo ali ndi mabala, kumbweza msanga m'nyumba yopanda mbuli si kumanga banja ayi. Woweta wanzeru sachita zotere ngakhale kwa kanyama kakang'ono ngati kameneka. Kodi ife tichite kwa mlongo wathu? Alipo abale amene amakondana bwino ali m'nyumba ziwiri, akuyenderana ndi kuthandizana pa matenda ndi pa maliro, amene akadaumirizidwa kukhala pamodzi akadadana mpaka kumanda.

Tsono, awerengi anzanga, mwambi wa makolo uja sitiutaya. Chibale ndi fupa ndithu, ndipo sichiola. Koma fupa limathyoka, ndipo likathyoka salipondera tsiku lomwelo: amalilunzanitsa, nalimanga, nalipatsa masiku ake. Amene ali ndi mbale wobwera kuchokera kutali, kapena amene wapemphedwa kukayanjanitsa olekana, ayambe wadzifunsa ngati changu chake chikutumikira iwowo kapena iye mwini. Kuona maso a nkhono n'kudekha.