KODI NKHULI YA MADZULO NDI CHIMO?

Mwezi wa Disembala ukafika ku Msanzala, m'midzi ya kwa Sandwe ndi kwa Nyamphande, ndi kutsikira ku Nyimba komwe, m'nkhokwe zambiri mumakhala mutatsala zitsononkho zokha. Cimanga ca m'munda cikali cacing'ono, nchito ya kupalira yakula, ndipo cimene cisunga moyo wa mabanja ambiri ndico mango. Mwana adzuka m'mamawa nathamangira pansi pa mtengo. Mai asenza dengu la mango kunka nalo kumunda. Bambo aika khasu pansi dzuwa liri pamutu, nadya asanu kapena khumi, nabwerera pamzera. Usana wonse mimba siidandaula kwambiri.

Koma dzuwa likapendeka, utsi nuyamba kukwera pa mafuwa a anansi, ndi pfungo la ndiwo zotendera likafika ndi kamphepo ka madzulo, mtima wa munthu usanduka. Mango amene anamkomera masana tsopano amkola. Afuna canthu cocokera pamoto, cotentha, ca mcere, cakuti dzanja lipotere nsima ndi kuisunsa. Mukamfunsa ngati wadya, adzayankha kuti sanadye kanthu, angakhale nthanga za mango zadzala pakhomo pace. Cilakolako cotere, makamaka cikakhala ca nyama, makolo athu anacicha nkhuli.

Ambiri a ife tinaidziwa nkhuli imeneyi posacedwapa. M'caka ca 2024 mvula inaleka pakati pa dzinja, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko la Zambia lagwa m'tsoka la cilala, pakuti pafupifupi theka la minda ya cimanga inapserera. Miyezi yotsatirayo mabanja ambiri anakhalira zipatso usana, nagona madzulo osayatsa moto. Cifukwa cace funso ili siliri la masewera: kodi Mkristu amene mtima wace ulirira mphika madzulo wacimwa?

Pali mayankho awiri amene timamva kawirikawiri. Ena ati, Inde, wacimwa, pakuti Mulungu wampatsa mango ndipo iye sakhuta nao; ndiko kusayamika. Ena ati, Mimba iribe lamulo. Munthu wa njala acite ciri conse, Mulungu adzamvetsa. Ife tiyesa kuti onse awiri aphonya, ndipo tifuna kusonyeza pamene aphonyapo.

Tiyambe ndi thupi. Mango, masuku, nthoci ndi nzimbe ziri ndi madzi ndi shuga wambiri, ndipo mango akupsa athandiza maso ndi khungu. Koma shuga wace apsa msanga m'thupi monga udzu pamoto, osati monga cikuni. M'zipatsozi mulibe mcere wokwanira, mulibe mafuta, ndipo cakudya comanga thupi, cimene cipezeka m'nyemba, m'nshawa, m'nsomba ndi m'nyama, ciri cocepa ndithu. Munthu amene wapalira tsiku lonse wataya mcere pamodzi ndi thukuta. Tsono madzulo, nchito italeka kumsokoneza maganizo, thupi liyamba kuitanitsa zimene lasowa. Moto naonso uli ndi nchito yace: ufewetsa cimanga, mbatata ndi nyemba, kuti mimba ithe kutulutsamo mphamvu zimene siikadatha kuzitulutsa zikadakhala zaziwisi.

M'maiko a azungu muli anthu amene asankha mwa kufuna kwao kudya zosaphika zokha, poyesa kuti adzakhala ndi moyo wolimba.  M'caka ca 1999 akatswiri a ku Giessen, m'dziko la Germany, anafalitsa zimene anapeza atayesa mazana a anthu otere: ambiri anaonda kwambiri, ndipo mwa akazi osafika zaka 45, pafupifupi atatu mwa khumi msambo wao unasokonezeka kapena kulekeratu. Ngati anthu okhala ndi zipatso za mitundumitundu caka conse abvutika cotero, nanga mlimi wa ku Msanzala wokhala ndi mtengo umodzi wa mango? Nkhuli yace siiri kusayamika ai. Ndiyo mthenga amene Mlengi anaika m'thupi, kuti munthu asafe osadziwa kuti ali kufa.

Malembo naonso sanyoza njala yotere. Pamene Eliya anagona pansi pa mtengo m'cipululu, wotopa ndi wofuna kufa, Mulungu sanamdzudzula, koma anamtumizira mkate wooca pamakala ndi madzi (1 Mafumu 19). Ndipo Ambuye wathu atauka kwa akufa anasonkha moto m'mbali mwa nyanja, naocerapo nsomba ophunzira ace amene anacezera usiku wonse osagwira kanthu (Yohane 21). Iye amene anasonkha moto umenewo sadzaweruza mai wolirira mphika. Cotero inu amene mwadziyesa ocimwa cifukwa ca cilakolako cokha, tulani katundu ameneyo.

Koma a gulu laciwiri asakondwere msanga. Mthenga ndi mthenga, sali mfumu. Kumbukirani Esau (Genesis 25). Anabwera kuthengo wolefuka, napeza mphwace Yakobo ataphika mphodza zofiira. Njala yace inali yoona, ndipo kulakalaka mphodzazo sikunali kulakwa. Kulakwa kunali pa mtengo umene anabvomera kulipira, pakuti anapereka ukulu wace wonse cifukwa ca mbale imodzi. Anakhuta madzulo amodzi, ndipo pambuyo pace anafuna dalitsolo ndi misozi, osalipeza (Ahebri 12). Apa ndipo pali yankho la funso lathu: chimo siliri m'kulakalaka, koma liri m'cimene munthu agulitsa kuti akhutitse cilakolakoco.

Kodi ukulu wathu umene tigulitsa ndi ciani? Tisayang'ane kutali. Wina atsegula thumba la nshawa za mbeu, nati, Ndikazingako dzanja limodzi lokha. Ndipo pofika nthawi ya kubzala thumba liri pululu. Wina agulitsa feteleza wace pa theka la mtengo kuti agule nyama ya tsiku limodzi, ndipo njala ya caka cino ibala njala ya caka ca mawa. Wina asiya munda wace m'maudzu sabata lathunthu, nakapalira wa mnzace. Ganyu wofuna ufa wa ana ngwabwino, ndipo palibe womtsutsa. Koma alipo bambo amene alandira malipiro, napita nao pamsika, nadya kanyenya yekha mumdima, napukuta pakamwa asanafike pakhomo, ana ace atagona ndi mango. Mnyamata wina alowa m'khola la nkhuku za mnansi. Wina achera misampha ya waya m'chire la nyama la ku Luangwa, nagwidwa, nakhala kundende nthawi imene munda wace ufuna manja ace. Onsewa anali ndi njala yoona, monga Esau, ndipo onsewa analipira mtengo woposa mbaleyo.

Palinso ena amene alipira ndi moyo weniweniwo. Cinangwa cowawa ciri ndi ululu umene ucoka pokhapokha cikasendedwa, cikabviikidwa m'madzi masiku angapo ndi kuumikidwa. Wocidya caciwisi kapena wociphika mofulumira akhoza kufa. Mbeu ya m'sitolo yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira siiyera ndi kutsuka. Bowa ndi mizu yosadziwika yaika mabanja m'manda. Nkhuli siidziwa kudikira, ndipo cifukwa cace isaloledwe kukhala woweruza.

Nanga ticite ciani? Coyamba, mlandu wa madzulo uweruzidwe m'mawa. Mtima wa munthu uli ndi nzeru dzuwa likamatuluka kuposa pamene lilowa. Mwamuna ndi mkazi apangane kukali kowala, pamaso pa Mulungu, nachule zinthu zimene sizidzakhudzidwa ngakhale njala ikule motani: mbeu, feteleza, khasu, mbuzi yaikazi, ndi dzina labwino la banja. Cimene camangidwa m'mawa ndi anthu awiri sicimasuka msanga madzulo ndi munthu mmodzi.

Caciwiri, moto usazime pakhomo. Ngati ufa watsala wocepa, usungireni madzulo, ndipo zipatso zidyedwe usana. Pakuti phala lotentha la mcere ligoneka munthu bwino koposa dengu la mango. Dzinja lomwe liri ndi njala ndilo liri ndi masamba: bonongwe, cisoso, therere, ciwawa ndi kalembula. Liri ndi inswa ndi bowa umene agogo audziwa. Mango osapsa aphikika. Kadzanja ka nsinjiro ndi kamcere zisandutsa masamba a kuseri kwa nyumba kukhala ndiwo. Izi sizidzakhutitsa monga nsima ya m'masika, koma zimyankha mthengayo, kuti aleke kupfuula.

Cacitatu, cocepaco cidyedwe poyera ndi pamodzi, ndipo ana, amai apakati ndi oyamwitsa, ndi odwala ayambe ndiwo. Munthu wamkulu akhoza kupirira miyezi iwiri ya mango. Mwana wamng'ono sakhoza, pakuti thupi lace likali kumangidwa. Mwana akayamba kutupa mapazi, kapena tsitsi lace likafiira, musadikire cimanga. Pitani naye kucipatala.

Cacinai, musacite manyazi kupempha. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kugogoda pakhomo pa mbale usana kuposa kulowa m'khola lace usiku. Ndipo m'masika, pamene ciwawa cicita kuolera m'munda, kumbukirani madzulo a Januwale: futsani mfutso, patulani nshawa zina, musagulitse cimanga conse kwa ogula oyamba kufika.

Tatsala ndi mau amodzi, ndipo ndiwo a inu amene utsi wanu ukwera madzulo onse. M'nkhani ya Esau munali anthu awiri. Yakobo anaona mbale wace wolefuka, ndipo m'malo mwa kumpatsa mbale anamuikira mtengo. A Yakobo alipo m'midzi yathu: ogula feteleza wa mnzao pa theka la mtengo, okongoza ndowa imodzi ya cimanga m'Januwale kuti akalandire zitatu m'Meyi, opalitsa mai wamasiye tsiku lonse ndi kumlipira gaga. Angakhale akhale pa mpando wa kutsogolo m'nyumba ya Mulungu, adya ukulu wa abale ao. Dziwani kuti pfungo la mphika wanu lifika m'nyumba zimene mbale yanu siifika, ndipo liyesa anthu kumeneko. Kupatsa nkuika. Potsiriza kuomola nsima, tumani mwana ndi mtanda umodzi ndi kandiwo ku nyumba imene simunaonako utsi. Akulu a mpingo ndi amai a mpingo ayendere midzi nthawi ya madzulo, nawerenge nyumba zopanda moto, pakuti ozizidwa mafuwa kawirikawiri sanena.

Cotero, abale okondedwa, nkhuli ikadza madzulo musaiope, ndiponso musaigwadire. Imvereni monga mumvera mthenga, muiyankhe ndi cimene ciri canu ndi coyenera, ndipo cimene mulibe mucipemphe kwa Atate ndi kwa abale. Febuluwale adzatha, maungu adzakula, cimanga cidzamasula ngaiyaye, ndipo ana adzaoca dowe pamoto. Tsiku limenelo likafika, wodala munthu amene adzapezeka ali ndi mbeu yace, banja lace, ndi dzina lace. Mulungu atisunge ife tonse kufikira masika.