Khutu, Mtima ndi Mawaya Awiri

Alamu anga atabwerako ku Johannesburg, katundu amene ankamunyadira koposa anali masipika awiri aatali ngati mwana wa zaka zisanu. Loweruka lina anandiitana. "Alamu, bwerani mudzamve zodabwitsa," anatero.

Kumbuyo kwa sipika iliyonse kunali pomangira mawaya panayi, ndipo timapuleti tachitsulo tinkalumikiza pamwamba ndi pamunsi. Iwo anachotsa timapuletito, nagula mawaya ena odula, kotero kuti sipika iliyonse inkalandira mawaya awiri ochokera ku ampulifaya imodzi. Izi ndi zimene amazitcha bi-wiring. Anaika nyimbo ya Allan Namoko, natsinzina. "Mwamva mmene banjo yayerera?" Ndinavomera, ndipo sindinaname. Ndinamvadi ngati yayera.

Usiku umenewo ndinadzifunsa: kodi chimene chamva ndi khutu langa kapena ulemu wanga kwa alamu?

Tiyeni tiyambe ndi mmene chinthuchi chimagwirira ntchito. M'bokosi la sipika muli woofer yotulutsa mawu a besi ndi tweeter yotulutsa mawu okwera. Pakati pake pali crossover, imene imagawa mawuwo kuti aliyense alandire ake. Mukaika mawaya awiri, crossover ija imakhalabe pomwepo, ndipo mawayawo amakumanabe pamalo amodzi kumbuyo kwa ampulifaya. Chasintha n'chakuti mphambano yasuntha kuchoka ku sipika kupita ku ampulifaya. Ngati waya woyamba anali wonenepa mokwanira, kusiyana kumene makina oyezera amapeza kumakhala kochepetsetsa. Nthawi zina munthu amamvadi kusintha chifukwa timapuleti tija tinali tadzimbiri kapena tosamanga bwino, koma pamenepo wachiza dzimbiri basi.

Nanga n'chifukwa chiyani tonse awiri tinamva banjo itayera? Khutu siligwira ntchito lokha. M'chaka cha 1976, Harry McGurk ndi John MacDonald anaonetsa kuti munthu akamaona milomo ikunena "ga" pamene mawu akuti "ba", kawirikawiri amamva "da". Diso limalowerera pa zimene khutu likumva. M'chaka cha 2010 ku Indianapolis, Claudia Fritz ndi anzake anapatsa akatswiri oimba vayolini zida zakale za Stradivari pamodzi ndi zatsopano, atawavala magalasi akuda kuti asazizindikire. Ambiri anakonda zatsopano. Ngati akatswiri otere amasocheretsedwa ndi dzina, ine ndi alamu ndife yani?

Sabata yotsatira ndinawapempha kuti tiyese. Iwo anakhala chofulatira, ine ndikuponya ndalama m'mwamba kuti isankhe kalumikizidwe, osakhudza voliyumu ngakhale pang'ono. Tinayesa ka 10, ndipo analondola ka 5, monga mmene angachitire munthu wongolota. Sanakwiye. Anangoti, "Chabwino alamu," nazimitsa nyimbo. Madzulo amenewo tinadya nsima mwakachetechete.

Apa ndi pamene pagona funso limene landisautsa. Kodi ndinachita bwino? Munthuyu anagwira ntchito yakalavulagaga kudziko la eni, ndipo chisangalalo chake sichinkapweteka aliyense. Chimwemwe chimene ankamva chinali chenicheni, ngakhale chifukwa chimene ankapereka chinali cholakwika. Ndani anandituma kuti ndimulande? Ndiyenera kuvomerezanso kuti mumtima mwanga munali kanyado kofuna kuoneka wodziwa. Choona chonenedwa pofuna kupambana mnzako chimanunkha, ngakhale chikhale choona.

Komabe pali mbali ina. Alamuwo anali atayamba kale kulangiza mnzawo, mphunzitsi wa ana anayi, kuti nayenso agule mawaya otere. Apa nkhani yasintha. Mawu akuti "ndikusangalala" ndi a mwini wake, palibe angawatsutse. Koma mawu akuti "waya uyu amasintha mawu, kagule" akunena za dziko limene tonse tikukhalamo, ndipo ayenera kuyesedwa. Chikhulupiriro chikangofika m'thumba la munthu wina, chimakhala ndi ngongole kwa choona. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansi amene angakhale chete mnzake akutaya ndalama ya fizi sakumukonda.

Choncho ndaona kuti kuyesa kuja kunali koyenera, koma kachitidwe kanga kanali kopereŵera. Ndinaika alamu pampando wa woimbidwa mlandu, ine n'kukhala woweruza, chonsecho nanenso ndinamva banjo itayera. Ndikanayenera kuyamba ndine kukhala chofulatira, iwo n'kumaponya ndalama. Tikanaseka limodzi, chifukwa chofooka chimenechi n'cha anthu tonse. Timamva zimene tikuyembekeza pa mawaya, pa mankhwala, pa ndale, ngakhale pa mbiri ya anzathu.

Mwezi utatha ndinabwererako kukapempha kuti andiyese. Ndinalephera monga iwo, ndipo anaseka mpaka misozi. Mphunzitsi uja sanagule mawaya. Ife tinasuntha masipika kuwachotsa pakona, ndipo besi inasintha moti ngakhale mlongo wanga anaimva ali kukhitchini. Mawaya awiri aja akadali pomwepo. Alamu amati amaoneka bwino, ndipo pa zimenezo sindingawatsutse.