Mawu a Omwalira ndi a Yani?

Akuluakulu adati madzi akatayika sawoleka, koma makina ojambulira mawu adautsutsako mwambiwu. Enrico Caruso, katswiri wa opera wa ku Italy, adamwalira mu 1921, komabe nyimbo zimene adayamba kujambulitsa mu 1902 zakhala zikutulutsidwanso pa zimbale zatsopano. Nawonso oyimba a ku Nyasaland amene Hugh Tracey adawajambula mu 1950, 1957 ndi 1958 adamvekanso pamene kampani ya SWP Records ya ku Netherlands idatulutsanso nyimbo zawo, itazitapa m'nkhokwe ya International Library of African Music ku South Africa.

Kodi mawu oukitsidwawa ndi a yani? Wosunga ayenera kuthokozedwa, pakuti popanda iye mawuwo akadapita ndi mphepo. Koma mlonda wa nkhokwe sindiye mwini chimanga.

Eni ake ena ali kutali ndi kwawo. M'madera a mafamu a fodya ku Mashonaland, m'dziko la Zimbabwe, muli zidzukulu za matchona amene adachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'nthawi ya atsamunda. Gule Wamkulu adamusunga, koma kulandidwa kwa mafamu kuyambira mu 2000 kudabalalitsa mabanja ambiri. Wogula chimbale ku Ulaya amamva kukoma kwa ng'oma. Mdzukulu wa mtchona ku Banket kapena ku Mvurwi angamvemo chinenero cha agogo ake ndi mudzi umene sadauonepo.

Choncho nyimbo yojambulidwa ndi ngongole. Kuitulutsanso n'kuyamba chabe kubweza, ndipo ngongoleyo siitha kufikira nyimboyo itamveka pabwalo la ana a eni ake.